Khwinya la pa Chitseko cha Sadzayenda

Dzanja langa lamanjali lili ndi matenda. Likangokhudza chitsulo chopindika limayamba kuyabwa, ndipo silileka mpaka nditatola hamala. Ngakhale lero ndikakwera minibasi ya ku Kawale, anzanga ali kalikiliki kukangana ndi kondakitala, ine chala chimakhala chikuyenda pachitseko kufufuza pamene anagunda. Matendawa ndinawatengera ku Biwi, m'magalaja a pansi pa mitengo aja, kumene bambo anga anandiphunzitsa kuwongola magalimoto. Ndi matenda omwewa amene anandidanitsa ndi bambo angawo zaka zisanu ndi ziwiri, zina mwa zakazo ine osadziwa n'komwe chimene ndinalakwa.

Bambo anali munthu wa mawu ochepa. Anachoka ku Phalombe ali mnyamata, n'kudzakulira m'magalaja a mu Lilongwe muno. Masana ankawongola magalimoto a eni, koma akaweruka, ndi Loweruka lonse, ankapanga yawo. Inali kuseri kwa nyumba yathu ku Kawale. Chesesi ndi injini anazichotsa pa kagalimoto kena kamene kanagubuduzika pa msewu wa ku Dedza, koma thupi lonse ankalisula okha kuchokera ku madenga a maminibasi akufa ndi migolo yong'amba. Inalibe dzina la kampani iliyonse. Inali yayifupi msinkhu, yayitali mphuno, ya mipando iwiri basi, pakhomo pa anthu asanu ndi mmodzi. Kawale yense ankaitcha Sadzayenda. Nanenso ndinkaitcha choncho, koma bambo akakhala patali.

Mayi okha ndi amene sankaseka. Ankagulitsa tomato pamsika, ndipo akamabwerera, duku lawo lomangidwa mopendekera lija lili pamutu, ankayamba aima kuseriko n'kufunsa kuti, "Lero mwagwira pati?" Bambo ankawalozera, iwo n'kugwedeza mutu ngati akudziwa za zitsulo. Mayi atamwalira, chaka cha njala chija, ndinaganiza kuti bambo aileka galimotoyo. Sanaileke. Anayamba kugogoda kuposa kale, mpaka oyandikana nawo nyumba anadandaula.

Nthawi imeneyo ine ndinali ndi matama, sindibisa. Ku Biwi konse ankati mwana wa a Likaka akawongola chitseko, mwini galimoto amaiwala mbali imene anagundidwa. Tsono bambo atapita kumudzi sabata imodzi ku maliro a mlamu wawo, ndinavundukula lona kuti ndione pamene anafika. Ndinapeza khwinya lalitali mbali ya dalaivala. Linayambira pamwamba pa tayala lakutsogolo, kudutsa pachitseko, n'kukathera kumbuyo. Dzanja linayamba kuyabwa pomwepo.

Ndinafunsa achemwali anga a Esinati, amene ankachapa chapafupi. "Ndani wakhulitsa wilibala pa galimoto ya bambo?"

"Ndidziwa bwanji ine?" anatero osadzutsa mutu. "Udzafunse eni ake akabwera."

Sindinadikire. Ndinkafuna kuwasangalatsa, munthu wamasiye, kuti akabwera apeze zokonzeka. Ndinamenya masiku atatu, kupaka fila wotsekera maenje, kukhula ndi sandipepa, mpaka mbali yonse inasalala ngati mbale. Bambo atafika ndinawakokera kuseri asanamwe ndi madzi omwe. Anaima nthawi yayitali. Anayendetsa chikhatho kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, n'kubwerezanso kachiwiri.

"Wawongola bwino," anatero.

Anatola lona, n'kufunditsa, n'kumanga zingwe, n'kusanjikapo njerwa m'makona onse. Kuyambira tsiku limenelo kuseri kwathu sikunamvekenso hamala. Ku galaja ankangondiuza kuti patse sipanala, gwira apa, basi. Ine ndinaona ngati ndi kusayamika, ndipo ndinakwiya mumtima. Choncho Che Saidi, amene kale ankasoka mipando ya magalimoto pafupi ndi mtengo wathu ku Biwi, atatumiza uthenga kuchokera ku Joni kuti ku galaja kumene akugwira ntchito kukufunika munthu wosesa, sindinaganize kawiri. Ku depoti bambo anangoti, "Uyende bwino," n'kutembenuka basi isananyamuke.

Za ulendowo ndimakumbukira kutentha kwa ku Tete ndi miyendo yotupa. Titalowa mu Joni anzanga onse anakakamira pa mawindo kuona nyumba zosanja, ine ndinkaona magalimoto. Misewu inayi mbali iyi, inayi mbali iyo, ndipo osaonako ndi imodzi yomwe yomangidwa bampala ndi waya. Ndinadzifunsa kuti kodi wowongola magalimoto amadya chiyani m'dziko lino.

Tinkagona asanu m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mayi wina. Kuzizira kwa kumeneko sikuli ngati kwa kuno. Kumalowa m'mano. Tinkagona titavala majekete, ndipo woyamba kudzuka ankatenthetsa madzi a onse. Chidindo cha m'pasipoti chitatha masiku ake, tonse tinaphunzira kayendedwe ka munthu wopanda mapepala: osathamanga, osayang'ana wapolisi m'maso, osayankhula Chichewa mokweza pa siteji. Mwezi ukatha tinkapita kwa madalaivala a mabasi kukatumiza katundu. Choyamba chimene ndinatumiza chinali bulangeti lochindikala la bambo. Achemwali anandiuza kuti alandira, akuti zikomo.

Mwini galajayo tinkangowatchula kuti a Madala. Anali mzungu wokalamba, wamfupi, makolo awo anachokera ku Italy, ndipo Chingerezi chawo chinali chothyoka ngati changa, mwina n'chifukwa chake tinkamvana. Ntchito yodyetsa galajayo inali kukonza magalimoto akalekale a anthu olemera. Ine malo anga anali kubwalo, tsache ndi sandipepa. M'kati munali chipinda chimene ankakhoma, ndipo tsiku lina chitseko chili chotsekula pang'ono ndinaona a Madala atawerama pa tebulo, akuumba kagalimoto ka dongo ndi kampeni. Munthu wa imvi, lilime lili panja.

"Che Saidi, bwana wanuyu mutu uli bwinobwino?" ndinafunsa.

"Mwaonatu zochepa, achimwene," anatero akuluma ulusi. "Inu sesani. Chimene simukuchidziwa muno musachigwire."

Ndikanamvera. Linali Lachisanu la mwezi wanga wachiwiri, Che Saidi atapita ku mzikiti, ena onse ali ku nkhomaliro. Pafupi ndi benchi yanga anali atatsamiritsapo chipepa chachikulu cha aluminiyamu, chosapenta, chooneka kuti ndi mbali ya galimoto. Chinali ndi khwinya lofewa pakati pake, lozama kuno, lozilala uko. Ndinati aa, achitsamiritsa molakwika, chapindika. Ndinati nayi nthawi yoti mzunguyu adziwe kuti akusesetsa mmisiri. Aluminiyamu ndi wofewa, samvuta munthu. Pamene a Madala ankatulukira ndi tiyi wawo, n'kuti nditasalaza kale malo otalika ngati mkono wanga.

Sanakalipe. Anaika kapu pansi, n'kuvula magalasi.

"Ndani?"

"Ine bwana. Panapindika."

"Nyamula. Tiye."

Ndinachisenza mpaka m'chipinda chokhomakhoma chija. Munali chimango cha matabwa chachikulu ngati galimoto yeniyeni, nthiti zokhazokha, ndipo mbali imodzi inali itavekedwa kale aluminiyamu. Pakhoma panali pepala lalitali lojambulidwa galimoto yomweyo. Kudenga kunali mababu aataliatali, ondanda. Anandimangitsa chipepa chija pamalo pake, n'kupukuta mbali zonse ziwiri ndi nsanza ya palafini kuti zinyezimire, n'kuyatsa magetsi.

Anayamba andiimika ku mbali yabwino ija. Kuwala kwa mababu kunagwera pa chitsulo n'kukhala mizere yoyera. Mizereyo ikafika pa khwinya lija inkapindira limodzi n'kuthamangira kumbuyo, yonse mogwirizana, n'kukazimirira pamwamba pa tayala. Ndikasuntha mutu nayo inkasuntha. Chinthucho chinalibe matayala, chinalibe injini, chinali pa matabwa, koma ukachiona unkafuna kupatuka kuti chidutse. Kenaka a Madala anatenga pepala n'kuphimba khwinyalo. Galimoto inaima. Inangokhala beseni lalikulu.

Atatero anandizungulitsa ku mbali yanga. Kuwala kunayamba bwinobwino, kufika pamene ndinamenya kunapunthwa n'kumwazika.

"Mzere uwu ndinaufunafuna miyezi isanu ndi umodzi pa dongo," anatero. "Kuumenya pa chitsulo, masabata atatu. Iwe wauchotsa pa nthawi ya nkhomaliro."

Ndinakhala pansi pa simenti. Iwo ankaganiza kuti ndikuopa kuchotsedwa ntchito. Koma ine sindinali mu Joni nthawi imeneyo. Ndinali kuseri kwa nyumba ku Kawale, ndikuona chikhatho cha bambo chikuyenda kawiri pa mbali yosalala ija.

"Bwana, ndinachitapo kale zimenezi," ndinatero. Ndinawafotokozera zonse, za migolo, za lona, za njerwa.

 "Bambo akowo anapanga thupi lonse ndi hamala? Popanda makina?"

"Hamala ndi chitsa cha mtengo."

"Ndipo sunawafunse kuti khwinyalo n'lachiyani?"

"Ayi."

"Ndiye ndiwe chitsiru kawiri." Anavalanso magalasi. "Sindikuchotsa. Wachotsa mzere ndiwe, udzaubwezeretsa ndiwe. Koma uyambira pa zidutswa zotaya. Chitsulo changa sugwiranso mpaka nditanena."

Ananena patatha zaka ziwiri. Chipepa ndinawononga chija anachikonza okha, koma chilango changa sanachiiwale. Tsiku lililonse ndikamaliza zakubwalo ankandipatsa chidutswa cha aluminiyamu, n'kumatapo tepi yakuda yopyapyala mopindika, n'kuti menya motsatira. Ine ndinkati kuwongola ndiye luso lalikulu, kumeneko ndinadziwa kuti kuwongola n'kufufuta chabe. Kuika khwinya n'kovuta, chifukwa munthu sayenera kuona pamene layambira, kapena pamene lathera. Likhale ngati chitsulocho chinabadwa nalo. Ndikamaliza ankatseka maso, n'kuyala kansalu pachikhatho, n'kuyendetsa. "Apa wakwiya," ankatero. "Apa wagona tulo." Chidutswa n'kuponya mu mgolo.

Ndinayamba kufunsa mafunso, ine amene ndinakula osafunsa kanthu. Kunena zoona, ndisanalowe m'chipinda chija ndinkaganiza kuti magalimoto amangotuluka m'makina, opanda amene anawafuna choncho. Sindinaganizepo kuti pali munthu amene anakhala pansi n'kusankha kuti nyali iyi ikhale apa, denga litsike chonchi. Ndinkafunsa kuti bwanji mphuno yayitali pamene injini ndi yayifupi. Bwanji matayala akumbuyo muwatulutsa kunja pang'ono. Bwanji mukuvutika ndi dongo pamene pepala lilipo. A Madala ankayankha mwa apo ndi apo, nthawi zina n'kungondikankhira pansi pa mababu kuti ndidzionere. Anandiuza kuti galimoto imodzi yotereyi inkawatengera zaka zinayi kapena zisanu, ndipo ogula ake sankaiyendetsa kawirikawiri, ankangoiika m'nyumba n'kumaiyang'ana. Zimenezo zinandiseketsa kwambiri. Ndinati ndiye kuti Sadzayenda ali ndi abale kuno.

Lamulungu tinkapita ndi Che Saidi pa mlatho wa anthu oyenda pansi umene unadutsa pamwamba pa msewu waukulu. Tinkagula chimanga chootcha n'kumawerenga nkhope za magalimoto. A Madala ndiwo anatiyambitsa, atanena kuti galimoto iliyonse ili ndi nkhope, ndipo wina anaisankha dala.

"Iyo ikubwera apoyo ndi apongozi," ankatero Che Saidi. "Onani nsidze."

"Nanga kofiirako?"

"Kameneko kangolandira kumene malipiro."

Tinkaseka mpaka anthu odutsa kutiyang'ana, n'kukumbukira kuti tilibe mapepala, n'kutsitsa mawu. Che Saidi analinso ndi luso lawo. Ankasoka chikopa cha mipando mogwirizana ndi mizere ya kunja kwa galimoto, ndipo msoko ukapatuka pang'ono ankasosola wonse ngakhale a Madala asanaone. Che Saidi omwewo ndiwo anandisamala nditadwala chifuwa m'nyengo yozizira, kundiphikira phala pa kasitovu, n'kumanditonza kuti ndikamwalira adzauza bambo kuti mwana wanu anafa akumenya zidutswa.

Tsiku lina ndinafunsa a Madala kuti mzere wa pa galimoto yawo anaupeka bwanji.

"Palibe amene amapeka mzere," anatero. "Umauona penapake, n'kukukakamira." Wawo anati unali wa m'mbali mwa bwato la bambo awo, limene analiona komaliza ali ndi zaka zisanu ndi zitatu.

Kuyambira pamenepo funso limodzi linandikhala pakhosi: nanga bambo anga anauona kuti? Ndinaganiza za phiri la kwathu ku Phalombe. Ndinaganiza za msana wa ng'ombe, za mizere ya m'munda. Ndinatenga katoni ndi pensulo kuti ndiujambule mmene unalili, ndipo apa m'pamene ndinachita manyazi enieni. Sindinathe. Ndinakhala nawo maso ndi maso masiku atatu, hamala ili m'manja, koma sindinauone. Sindinkadziwa ngati unkakwera kapena unkatsika.

Masiku amenewo kuimba kunyumba kunali kopangana tsiku, achemwali n'kukadikira pa byulo ya mafoni ya pamsika. Ulendo wina ndinawapempha kuti abwere ndi bambo. Ndinali nditakonza mawu sabata yonse.

"Abambo, galimoto ija ilipo?"

 Ndinkamva mahutala a maminibasi a ku Kawale.

"Ilipo," anatero. "Kuno mvula yayamba."

Mawu anga onse anathawa. Tinakamba za mvula, n'kutsanzikana. Che Saidi anandiuza pobwerera kuti nkhani ngati imeneyi siyokamba pa foni, munthu wina ataima kumbuyo kwako akudikira kuti umalize. Anati ndipite kunyumba. Ndinati ndipita manja anga akapsa, kuti ndikafike ndi kanthu. Ndinkanama. Ndinkachita mantha kukaima pamaso pa bambo.

Zaka zinapita choncho. Achemwali anagula foni yam'manja, nkhani zinayamba kufika msanga, ndipo sizinali zabwino. Maso a bambo anagwidwa ng'ala, analeka kupita ku Biwi. Alamu, amuna awo a achemwali, anasamukira pakhomo paja ndipo ankafuna kumanga zipinda za lendi kuseri. Anthu ogula zitsulo zakutha anali akuzungulira mu Kawale ndi lole, ndipo anali atabwera kale kawiri kudzasuzumira pansi pa lona.

"Chonde achemwali, musagulitse."

"Iwe ukulamula uli ku Joni? Bambo akudwala, tikuwasamala ndife. Ukaifuna ubwere udzaisenze."

Ndinati ndibwera Khirisimasi. Khirisimasi inadutsa, chifukwa nthawi imeneyo n'kuti a Madala atandilola kumenya chitseko cha galimoto yawo yatsopano, ndipo ndinkati ndimalize chimenechi kaye.

Chimene chinandinyamula chinali china. Chaka chija eni dziko anatiukira ife obwera, kachipinda kathu anakathyola ife tili ku ntchito, n'kutenga zonse. A Madala anakhoma geti n'kutisunga m'galaja masabata awiri, ine ndi Che Saidi, akutibweretsera buledi ndi nyemba zam'chitini. Zitazizira pang'ono Che Saidi anapinda makina awo osokera. Anati, "Achimwene, ine ana anga sanandione zaka zisanu ndi zitatu. Sindikufuna adzandione m'bokosi." Nane ndinalongedza. A Madala sanandiletse. Anandipatsa mpukutu wa tepi yakuda ija ndi hamala yamtengo, n'kunena kuti ndikauze bambo anga kuti kuli mzungu wina wokalamba amene akuwapatsa moni wa mmisiri mnzawo. Galimoto tinkapanga ija ndinaisiya yosapenta. Mpaka lero ndimadzifunsa kuti anaipaka mtundu wanji.

Ku Kawale ndinatsika masana, chikwama chimodzi. Aliyense anali ndi foni pakhutu, ngakhale ogulitsa makala. Sindinalowere kukhomo, ndinazungulira kuseri. Ndinapeza zipinda zitatu za njerwa zosapaka, zovala za eni zili pa chingwe, mayi wosamudziwa akutsuka mbale pamalo penipeni pamene panali mphuno ya Sadzayenda. Anandifunsa kuti ndikufuna ndani.

Achemwali anali atachita imvi m'mbali, ndipo sankandiyang'ana m'maso. Alamu ndiwo anayankha ndisanafunse.

"Alamu, musatione ngati oipa. Chinali chisa cha makoswe chija. Anadula ndi galainda miyezi iwiri yapitayo."

Miyezi iwiri. Ndinakwiya, koma ndikanakalipira ndani? Anthuwa anali atandiuza.

Bambo anali pakhonde, pa mpando wawo wa ndalema, maso atayera. Ndinagwada n'kuwapatsa moni. Anagwira dzanja langa n'kulitembenuza, n'kumapapasa chikhatho.

"Manja afewa," anatero. "Kumeneko simumenya chitsulo?"

"Timamenya aluminiyamu, Abambo."

"Za mapoto."

Ndinaseka, misozi ili m'maso. Ndinadziwa kuti ndikadikira mawa sindidzanenanso, ndiye ndinanena pomwepo, achemwali ndi alamu ali chiimire.

"Abambo, khwinya lija silinali ngozi. Munaliika dala. Ine ndinalifufuta osakufunsani. Ndinadziwa ndili kutali, ndipo ndinachita mantha kubwera. Pepani."

 Anasiya dzanja langa, n'kupukuta pakamwa.

"Esinati," anatero, "tamuonetsa pansi pa bedi."

Achemwali anandilowetsa m'chipinda cha bambo. Pansi pa bedi panali chinthu chachikulu chokulungidwa m'bulangeti lochindikala, lija ndinatumiza poyambirira. Ndinachikoka. Chinali chitseko cha mbali ya dalaivala. Achemwali ananong'ona kuti dzulo lake la tsiku lodulalo bambo anapempha sipanala, n'kupita okha kuseri akupapasa khoma, n'kumasula mabawuti onse. Anakana kuthandizidwa. M'nyengo yozizira ankafunda zitenje ziwiri, bulangeti osalola kuti lichoke pamenepo.

M'mawa mwake ndinachiimika pakhonde, n'kupala fila yense ndinapaka zaka zija. Anagwa zibenthuzibenthu. Pansi pake chitsulo chinali ndi mabala a hamala yanga, ambirimbiri. Ndinatulutsa tepi ya a Madala, kenaka ndinazindikira kuti bambo sangaione, ndinaibweza m'thumba. Iwo anaitanitsa choko. Anandigwiritsa chokocho, n'kugwira mkono wanga ndi manja awo onse awiri.

Sanayambire pa chitseko. Anayambira m'malere, kumanja, pamene pakanakhala tayala lakutsogolo. Mkono wanga unayenda mumphepo, kufika pa chitsulo choko chinalira, mzere n'kukwera pang'ono, pang'ono kwambiri, n'kupendeka. Chitseko chitatha sanaime. Anapitiriza m'malere kumanzere, akutsitsa mofatsa, mpaka manja awo anangomasuka okha. Sindinamve pamene anathera.

Ndinamenya masiku anayi, hamala yamtengo kunja, chitsa kumbuyo. Alendi a kuseri ankabwera kudzaonerera, ena n'kumafunsa kuti galimoto yake ili kuti. Ndikapuma bambo ankasendera n'kuyendetsa chikhatho. "Wakweza." Ndimenye. "Apa wathamanga." Ndimenye. Chitsulo cha mgolo si aluminiyamu, chimabwezera, ndipo matuza anatuluka m'manja mwanga ngati wophunzira. M'masiku anayi amenewo bambo anandiyankhula mawu ambiri kuposa chaka chonse chija ndisanachoke. Ndinawauza za dongo, za mababu, za moni wa a Madala. Anafunsa kuti mzunguyo poyesa ntchito amagwiritsa maso kapena manja. Nditati amatseka maso, anagwedeza mutu n'kuti ndiye amadziwa.

Tsiku lachinayi dzuwa likupendeka anayendetsa chikhatho kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Anabwerezanso kachiwiri, monga tsiku lija.  Koma ulendo uno dzanja sanalichotse, linangokhala pakati pa khwinyalo.

"Abambo," ndinatero, "munauona kuti mzere umenewu?"

"Ndimati sudzafunsa."

Anafufuza mutu wanga ndi dzanja linalo mpaka anapeza khutu. Anaika chala pamwamba pake, n'kuchiyendetsa mokwera pang'ono, mopendeka, kulowera kunkhongo.

"Mayi ako akamanga duku, nsalu inkapindika apa. Kuyambira pamwamba pa khutu, n'kukathera kumbuyo osaoneka pothera. Zaka makumi atatu ndinkaliona akamabwera kumsika. Atapita ndinayamba kuiwala nkhope, koma ili linakana kuchoka. Ndiye ndinati ndiliike penapake."

Achemwali anali ataima pakhomo ndi beseni la ufa. Analiika pansi, n'kulowa m'nyumba. Ine ndinakhala chogwada, hamala ili m'manja. Masiku atatu aja ndinkalifufuta ndikuimba likhweru.

Bambo anasisitanso chitsekocho, n'kusasa fumbi la choko m'manja.

"Mawa upite ku Biwi ukagule penti," anatero. "Ugule yobiriwira. Ngati duku lija ankavala Lamulungu."